Ku Tipton Sindinapezeko a Tipton

Dudley, Lamlungu

Tamanda mwana wanga,

Tulo tandikana. Ndapemphera, ndazimitsa nyale, ndayatsanso. Chimene chikundizungulira m'mutu si diresi, si keke, si anthu aja sanayankhe makhadi. Ndi dzina limene ukukatenga Loweruka. Masutikesi ako ndawadumpha popita kukhitchini. Mawa ukukwera sitima ya ku Norwich kwa amayi a Callum, Loweruka ukwati, kenako ndege ya ku Australia. M'nyumba muno sudzagonanso ngati mwana wa pano. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa ndikayamba pamaso umandidula ndi "Mum, please" ndisanafike kumene ndikupita. Ndalemba m'Chichewa dala. Uwerenge pang'onopang'ono m'sitimamo. Mawu akakuvuta uwatchule mokweza, khutu lako limamva bwino kuposa maso ako.

Ndinene poyambirira pomwe chimene ndikufuna, ungatope usanafike kumapeto. Ndikufuna nkhoswe wa kuchimuna. Munthu mmodzi wa mbali ya a Callum amene zinthu zikadzavuta m'banja mwanu adzayankha foni, nadzakhala pansi ndi wa mbali yathu, n'kukudzudzulani nonse awiri mosakondera. Wathu alipo, ndi amalume ako a Lufeyo ku Dedza. Wawo sindikumuona, Tamanda. Ndamufunafuna, ndipo kumene ndinakamufuna ndi kumene ndinatenga mantha awa.

Pali chimene ndinakubisira. Mwezi wathawu, tsiku limene ndinali pa ofu, ndinapita ku Tipton. Amalume ako anali ataimba kufunsa kuti, "Mlongo, mnyamatayu kwawo n'kuti? Mwakaonako? Ine ndikumana ndi ndani?" Ine n'kuwayankha monyadira kuti dzina la makolo ake ndi Tipton, ndipo Tipton ndi pompano, basi yake imadutsa pamsewu wathu. Iwo akuti, "Nanga mukudikira chiyani? Pitani mukaone khomo lawo." Ndinkadziwa kuti amayi ake amakhala ku Norwich, koma ndinaganiza kuti kumeneko n'kuntchito chabe, ngati mmene ife tinkakhalira ku Lilongwe kwathu kuli ku Dedza. Ndinati akuluakulu a banjalo, azakhali, agogo, manda awo, zonse zili ku Tipton. Ndinavala bwino, ndinaika shuga ndi masamba a tiyi m'chikwama kuti ndisafike chimanjamanja, n'kukwera basi. Iwe ndinakuuza kuti ndikupita kumsika.

Nditatsika pafupi ndi ngalande ija ya mabwato ndinalowa m'kagolosale. Ndinapereka moni, n'kufunsa bambo wogulitsayo kuti banja la a Tipton limakhala mbali iti. Anandiyang'ana, akuti, "Mayi, pano ponse ndi Tipton." Ine ndikuti ayi bambo, ndikunena anthu ake, eni dzinali. Anaitana mkazi wake kuseri, "Tabwera udzamve, mayiwa akufuna a Tipton!" Mkaziyo akuti, "Auzeni agogode khomo lililonse, sangaphonye." Anaseka, koma osati mwachipongwe, mpaka anandipatsa mpando. Ine sindinakhale. Ndinatuluka n'kupita kutchalitchi chakale, ndinalowa m'manda. Kwathu munthu salowa m'manda ngati akulowa m'dimba, ndinachita kupepesa kwa Mulungu pachipata. Ndinayenda mzere ndi mzere kuwerenga miyala, chikwama cha shuga chili pamkono. Pa miyala imene ndinatha kuwerenga, wa Tipton panalibe.

Mvula ndi imene inandilowetsa mu laibulale. Mayi wina wa magalasi amene amagwira ntchito mmenemo anandiona nditanyowa, anandifunsa ngati angandithandize. Ndinamufotokozera zonse, za iwe, za ukwati, za amalume. Iyeyu sanaseke. Anandikhazika pafupi ndi hita n'kundiuza kuti kalekale, Chingerezi chisanafike pamene chili leromu, kunali munthu dzina lake Tibba. Anamanga nyumba zake ndi makola, n'kutchinga mpanda, ndipo malo otere ankawatcha tun. Anthu ankati tikupita ku tun ya Tibba, pakamwa n'kumalifupikitsa mibadwo ndi mibadwo mpaka linasanduka Tipton. Akuti ngakhale Dudley wathuyu ndi malo amene munthu wina dzina lake Dudda anaswa mphanje m'nkhalango. Tamanda, ndinasangalala ngati ndakumana ndi wachibale. Ndinati, mayi, ndi chimodzimodzi kwathu! Ife timati kwa Chigoneka chifukwa a Chigoneka ndi amene anayamba mudziwo. Ndiye zidzukulu za a Tibba zili kuti, ndikazione?

Anapukusa mutu. Akuti, "Taganizani, mayi. Munthu wokhala ku Tipton akanatchedwa bwanji Tipton, poti onse a m'mudzimo anali a ku Tipton? Dzinalo silikanasiyanitsa aliyense. Ankapatsidwa dzinali ndi munthu amene wachoka. Akafika kwina kukafuna ntchito, eni dera ankati uyu ndi Yohane wa ku Tipton, kumusiyanitsa ndi a Yohane awo. Ana ake n'kulitenga, adzukulu n'kulitenga, mawu oti wa ku aja n'kugwa, osabwereranso." Anawonjeza kuti kulinso ka Tipton kena kumwera kwa dziko lino, ndiye mwina makolo a mkamwini wanga sanachokere n'komwe pamene ndinakhalapo. Anandifunira ukwati wabwino. Ndinathokoza, ndinatuluka mvula isanakate, n'kukakwera basi yobwerera.

Wamva, mwana wanga? Dzina limene ukukatengalo ndi dzina la munthu amene anachoka kwawo. Sanalisankhe yekha, anamupatsa ndi eni dera limene anafikako, chifukwa chinthu chokha chimene ankadziwa za iye n'chakuti si wa pano. Tsopano iwe, mwana wa anthu amene anachoka ku Dedza, ukukwatiwa ndi mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Tipton, ndipo nonse awiri mukuchokanso.

Usaganize kuti ndikuwada a Callum. Mulungu ndi mboni, mwana uja ndimamukonda. Anatikonzera boila, makina aja otenthetsa nyumba, nthawi yozizira ija osadandaula, amatsuka mbale pamaso pa apongozi ake mpaka ine manyazi kundigwira, ndipo "zikomo" wake uja amanditsitsa mtima. Koma tsiku lija tinkadya nkhuku pano, iwe utakwera m'mwamba kukatenga chaja, ndinamufunsa ngati anafikako ku Tipton. Akuti, "Ndinadutsako pa sitima, ndikuganiza." Ndinafunsa kuti agogo ake aamuna anaikidwa kuti. Anayankha mosangalala kuti sanaikidwe, anawotchedwa, phulusa anakawaza panyanja pamene ankakonda kuwedza. Ndinatsamwa. Abambo a Callum ali ku Spain ndi mkazi wina, amatumiza uthenga pa tsiku lobadwa. Amayi ake anasintha dzina, salinso a Tipton. Mlongo wake ali ku Leeds, amaonana pa Khirisimasi. Ndinafunsa kuti nanga mukayambana ndi Tamanda mudzapita kwa ndani? Anaseka, akuti, "Tidzakambirana awiri, Mama." Iwe unatsika nthawi yomweyo, ine n'kufunsa ngati wina akufuna mpunga wina.

Tidzakambirana awiri. Mawu amenewa ndi amene ine ndinathetsera banja langa, ndipo ichi sindinakuuzepo bwinobwino. Ife ndi abambo ako ankhoswe tinali nawo, amalume ako ndi achimwene awo a abambo ako, anthu amene anakhala pamphasa imodzi n'kugwirana chanza. Abambo ako atabwera kuno kudzagwira unesi, ife n'kuwatsatira iwe uli wamng'ono, ankhoswe aja anatsala kumudzi. Kenako abambo ako anayamba mashifiti a usiku kutauni ya Stoke. Poyamba ankabwera m'mawa, kenako akuti ndatopa ndigona konko, kenako sabata yathunthu. Ndinkaona. Malaya ankabwera atachapidwa ndi sopo amene ine sindigula. Ndinkagula khadi yoimbira foni, n'kuimba ku Dedza mawu ali kale pakamwa, koma amalume ako akangoti, "Mlongo, za ku Ulaya?" ine ndinkati tili bwino, kukuzizira basi. Ndikananena bwanji? Anthu anali ndi zithunzi zathu titaima mu sinowo, chipale choyera chija cha kuno, atazipachika pakhoma. Ndinkati tikambirana awiri. Pamene amalume ako ankamva, ku Stoke kunali kutabadwa kale mwana. Analira pafoni, munthu wamkulu, akuti, "Mlongo, munatiika unkhoswe wa chiyani? Wa chithunzi?" Loweruka abambo ako adzakugwira mkono kukulowetsa, ine ndidzamwetulira, usade nkhawa. Koma umve ichi. Ine anthu ndinali nawo, sindinawagwiritse ntchito chifukwa cha manyazi. Iwe ukupita kutali kuposa kumene ine ndinafika, ndipo munthu woti umuchitire manyaziyo palibe n'komwe.

Choncho uzinena zinthu zikadali zazing'ono. Usadikire kuti zikule kuti ziyenere foni. Akayamba kubwera mochedwa, nena. Ukayamba iweyo kuchedwa dala kuntchito chifukwa kunyumba sikukukoma, nenanso, pakuti si amuna okha amene amalakwa, ndipo pakamwa pako ndimapadziwa, unatengera ine. Osanena pagulu la pafoni, osanena kwa anzako a kuwodi kuchipatala kwanu. Kwa nkhoswe. Ndi ntchito yake kumva zonyansa za m'nyumba n'kuzisunga.

Mwina ukuti amayi ake a Callum alipo, alinso ndi mnzake uja wa kuyunivesite amene adzamuimirire paukwati. Mayi sakhala nkhoswe, Tamanda. Ineyo a Callum atabwera kudzakunenera, ndingamve mbali yako ndisanamve yawo, ndi mmene mimba inatipangira. Mnzake uja ndi wabwino, koma ndi wa mowa ndi mpira, ndipo ndi msinkhu umodzi. Pakufunika munthu amene akaimba, a Callum azitsitsa wailesi n'kukhala tsonga.

China chimene chikundiopsa ndinachiona kuntchito kwanga, kunyumba yosungira okalamba. Kunali agogo ena aakazi amene ndinkawasambitsa. Dzina lawo linali la tauni ina ya kumpoto, ndinkaliona pa zikwangwani za pamsewu waukulu. Ndinkawaseka kuti agogo, inu ndinu eni tauni, tsiku lina abale anu adzadzaza basi. Iwo ankati, "Mwana iwe, ukhale chete undipese." Atayamba kufooka, nesi anati sachedwa. Shifiti yanga itatha ndinaganiza zokhala nawo pang'ono, koma ndinati ayi, auzidwa abale, malo ndi awo, ine ndisatsekereze. Ndinapita kukakwera basi. Sikunabwere munthu. Anatsirizika okha, wailesi ya kanema ikulankhula. Kumaliro tinalipo ine, bwana wathu, ndi bambo wina wa kukhonsolo amene ankayang'ana wotchi. Ndinkakhulupirira kuti munthu wa dzina la mudzi ali ndi mudzi kumbuyo kwake. Mpaka lero ndikamapempherera akufa, agogo aja ndimawatchula, ndipo masiku ano ndikawatchula ndimaona nkhope yako itakalamba, ku Australia, m'chipinda chotero. Mulungu andikhululukire maganizo amenewa, koma ndi amene ndili nawo.

Dzina lathu siligwira ntchito choncho. Iwe ndiwe Nambewe. Ukalowa pamaliro pena paliponse pamene pali Amalawi, ku Wolverhampton kaya ku Perth ku Australia, wina akaitana kuti Nambewe, udzaona mitu ikutembenuka, ndipo mayi amene sunamuonepo adzakusunthira pampando n'kunena kuti khala apa m'bale wanga. Limakuuza amene sungakwatirane naye, limakuuza amene adzakunyamula. Apa napo ndinalakwa. Tsiku loyamba kusukulu, mphunzitsi analephera kutchula Tamanda, akuti, "Tizimutcha Tammy?" Ine ndi mantha a mlendo ndinati yes, yes, thank you. Ndinathokoza, mwana wanga! Kunyumba ukandiyankha m'Chingerezi ndinkanyadira, ndinkati achite bwino m'kalasi. Nambewe ndinkakutcha pokhapokha ukandikwiyitsa, mpaka unkaganiza kuti ndi mawu okalipira. Tsopano ana ako adzakhala a Tipton, ndipo akadzafunsidwa kuti kwanu n'kuti adzanena kuti agogo ena anali a ku Africa, ndikuganiza. Usalole. Uziwatchulira Dedza, uziwatchulira kwa Chigoneka, uziwauza kuti kuli manda amene ali ndi malo awo. Ukawatengereko akadali aang'ono, akadwale m'mimba ndi madzi a pachitsime, akalumidwe ndi nyerere, adzakumbukira.

Sindikuti usatenge dzinalo. Tenga, ndi la mwamuna wako, ndipo Tibba uja ayenera kuti anali munthu wakhama, womanga mpanda. Ndikungoti udziwe kuti kuseri kwa dzinalo kulibe khomo loti ukagogode. Ine ndinapitako, shuga ndinabwerera naye.

Zonsezi ndinawafotokozera amalume ako pafoni. Kenako akuti, "Ndiye ine ndigwirane chanza ndi tauni?" Anati iwo sangakhale nkhoswe wa mbali imodzi, chifukwa mlandu ukadzabwera adzaoneka ngati akuukira mwana wa eni. Koma anandikumbutsa za kale. Kumudzi kukabwera mnyamata wa kutali, ngati aja ankachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, n'kufuna kukwatira, sankamubweza chifukwa choti alibe abale. Ankamupezera munthu wamkulu wa m'mudzi momwemo, wosakhala wa banja la mkazi, kuti akhale mbali yake. Munthuyo ankasanduka m'bale wake, womuikira kumbuyo akamaponderezedwa, womukalipira akalakwa.

Ndiye lero titaweruka kutchalitchi ndinawakokera pambali a Mwale, mkulu wa mpingo uja amayendetsa basi ku Birmingham, amene anakunyamula paphewa tsiku limene unagwa panjinga. Si abale athu, ndi a ku Kasungu. Ndinawafunsa ngati angakhale mbali ya a Callum. Anavula chipewa n'kukanda mutu, akuti, "Nachisale, mukufuna ndibereke mzungu pa ukalamba uno?" Akazi awo akuti, "Muberekeni, mwina ameneyu adzakumverani, poti anu aja anakanika." Tinaseka, koma kenako a Mwale anasiya kuseka. Akuti, "Ndilipo. Koma mnyamatayo auzidwe bwinobwino. Ine sindiimba pa Khirisimasi pokha. Ndikamva kuti wamuliza mwana, ndimudzutsa kaya kwawoko ndi nthawi yanji. Ndipo Tamanda akamuzunza mwana wangayo, nayenso andimva. Avomere yekha ndi pakamwa pake, ine sindikakamiza munthu kukhala m'bale wanga."

Ndi pamene nkhani ili, mwana wanga. Sindikudziwa ngati a Callum angavomere. Anthu a kuno nkhani za m'nyumba amazitsekera ngati mankhwala, ndipo mwina adzaona ngati tikuwaikira mlonda. Uwafotokozere iweyo, m'Chingerezi chako chabwinocho, kuti sitikuwakayikira. Uwauze kuti tikuwapatsa munthu, chifukwa sitikufuna kuti tsiku la mavuto iwe udzakhale ndi Dedza yense kumbuyo, iwo ali okha. Ngati ali ndi munthu wawo wamkulu amene ine sindikumudziwa, amalume kaya azakhali amene angathe kuimba n'kumveredwa, ndi bwino koposa, unditumizire dzina ndi nambala, a Mwale sadzakhumudwa. Koma usandipatse dzina longondikhazika mtima pansi. Ndidzaimba.

Ndipo iwe usayankhe m'malo mwawo. Ndimakudziwa, ukhoza kundiuza kuti avomera usanawafunse n'komwe, kuti amayi asiye kuvuta. Ukatero udzakhala wanamiza ine, wanamiza a Mwale, ndipo tsiku limene a Mwale adzaimbe, a Callum adzafunsa kuti kodi bambo ameneyu ndi ndani.

Zina zonse ukuzidziwa. Upemphere m'mawa usanagwire foni. Mukafika mufune tchalitchi musanafune sofa. Mankhwala ako a chifuwa ndawaika m'thumba la kutsogolo la sutikesi yofiira, chitenje cha agogo ako chili pansi pa majuzi, usachisiye ku Norwich.

A Mwale Loweruka ali pa shifiti, ndipo kuti asinthane ndi mnzawo ayenera kunena pofika Lachitatu madzulo. Amalume ako nawo akufuna adziwe kuti akwere njinga kupita pamene pali netiweki, adzalankhulane ndi nkhoswe wa kuchimunayo ukwati usanayambe. Choncho undiyankhe lisanathe Lachitatu. Osati kachithunzi ka mtima pafoni. Uimbe, a Callum ali pambali pako, ndimve mawu awo. Akakana, undiuzenso mosabisa, sindidzakalipa. Ku ukwati ndibwera ndithu, ndidzavina, palibe adzaone kanthu pankhope panga. Koma ndidziwe ndisananyamuke pano ngati ndikukakupereka kwa anthu, kapena kwa munthu mmodzi yekha.

Ambuye akutsogolere pa sitimayo ndi konse ukupita.

Ndine mayi ako,
Nachisale